Gelevazio ndi Ming'alu Iwiri ya pa Mwalawambira

Mwambi umenewu chiyambi chake n'chotere, ndipo tcherani khutu inu amene mwangoyamba kumene kukwera miyala, zikhatho zikadali zosalala. Mawu ake sindiwatchula pano. Mumawadziwa kale, mukumana nawo kutsogoloku. Kusukulu adzakuuzani kuti ndi mwambi wamakedzana, wa makolo a makolo athu. Asiyeni anene. Ine ndikuti unabadwira pa phiri lathu lomweli la Mwalawambira, m'mwezi wa Okotobala, ndipo anaubereka ndi Gelevazio Kamzimbi.

Gelevazio anali woswa miyala. Ankakhala m'mphepete mwa msewu ndi hamala yake, kuphwanya miyala yogulitsa kwa omanga nyumba, ndipo ntchito imeneyi inamusiyira chifuwa chotakata ndi zala zonenepa ngati chinangwa. Achinyamata a kuno atayambitsa kalabu yokwera miyala, iye anali mmodzi mwa oyamba kulembetsa, pamenepo n'kuti zaka makumi anayi atazipitirira kale. Anthu atamuseka, anangoti mwala ndi mnzake wakalekale, sungamukane.

Mwalawo unamukana. Ming'alu imene anthu ankakwera nthawi imeneyo inali yopapatiza, yoti munthu azilowetsamo nsonga za zala n'kumadzikoka. Zala za Gelevazio sizinkalowa. Akayesa ankangokanda mwala, thukuta lili kamukamu, mpaka anzake amuuze kuti achoke akagwire chingwe. Kugwira chingweko ndiye anali katswiri. Munthu akaterereka kumwamba, Gelevazio pansi sankasuntha n'pang'ono pomwe, moti aliyense ankafuna kuti chingwe chake chikhale m'manja mwa iyeyo. Koma munthu salowa kalabu yokwera miyala kuti azingoyang'ana zidendene za anzake.

Kalabuyo inali ndi buku lachikuto chakuda limene ankasunga mayi Esinta Dzimbiri, mphunzitsi wa masamu, munthu wosaseka ndi malamulo. Lamulo linali lakuti woyamba kukwera mng'alu, kuchokera pansi mpaka pamwamba osagwa ndiponso osapumira pachingwe, ndiye amaupatsa dzina, ndipo dzina la iye mwini limalembedwa ndi inki. Wogwira chingwe ankamulemba m'mbali, ndi pensulo. Zinatha zaka zisanu ndi chimodzi, dzina la Gelevazio lili mbwee m'bukumo, koma ponseponse la pensulo. Zimenezi zinkamuwawa kwambiri. Sankafuna zambiri mwamunayu, ankangofuna mzere umodzi wa inki.

Amene ankathira tsabola pachilondapo anali Lenadi Kaphwiti, katswiri wa kalabuyo, munthu wowonda ngati bango, amene dzina lake linali litalembedwa kale ndi inki kakhumi n'kasanu n'kanayi. Iyeyu ankamutchula Gelevazio kuti aNkhokwe.

"ANkhokwe, lero mutigwirirenso chingwe," anatero Lenadi Loweruka lina. "Nkhokwe ntchito yake n'kukhala pansi."

"Iwe Lenadi, pakamwa pakopo padzakuika m'mavuto," anayankha Gelevazio. "Tsiku lina udzandigwirira ndiwe."

"Mng'alu wolowa zala zanuzo sunabadwe, madala. Kapena mukauswe nokha ndi hamala."

Onse anaseka. Gelevazio anaponya chingwe pansi, fumbi n'kubuka.

"Ulipo! Phiri lonseli Mulungu sanalengere anthu owonda okhaokha. Ndikaupeza, ndipo dzina langa mudzaliwerenga ndi maso anu omwewo."

Anatenga mlamu wake Zebedayo, telala wa pamsika, mlongo wa mkazi wake. Zebedayo anali munthu wamfupi, wadazi, wosalankhulalankhula, ndipo m'kalabumo analowa chifukwa mlongo wakeyo anamuuza kuti aziyang'anira mwamuna wake angafere kuphiri. Awiriwa anapita kuseri kwa Mwalawambira, kumene okwera miyala sankapondako chifukwa cha chitedze ndi mavu. Anafunsa amayi otola nkhuni. Anafunsa ofula njuchi. Analondola zitosi za mbira, poti mbira imakhala pamene mwala wang'ambika. Loweruka loyamba anabwerako akudzikanda thupi lonse. Lachiwiri Gelevazio anabwerako diso limodzi litatsekeka, mavu atamupatsa moni. Zebedayo anati zakwana, koma mnzakeyo anati mavu saletsa munthu amene wasekedwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Loweruka lachitatu analipeza phanga. Linali lalikulu, loyang'ana kum'mawa, pamwamba pake pali mwala wotambalala umene unkalitchinga kuti mvula isalowemo. Kumapeto kwa phangalo, m'kati mwenimweni, mng'alu unkakwera chilili mpaka kukatulukira kunsi kwa mwala wotchingawo. Gelevazio analowetsamo chibakera, chinangolendewera. Anayesa kulowetsa thupi lonse, linakana. Kenako analowetsa bondo, ndipo bondo linagwira gwa. Analowetsa phewa ndi chigongono, nazonso gwa.

Inu achinyamata mng'alu wotere mumaunyoza chifukwa umang'amba buluku ndi khungu lomwe. Safuna zala ameneyu. Umalowetsa bondo, phewa ndi theka la nthiti, n'kumadzikankha pang'onopang'ono, chikhatho chimodzi pa nthawi, ukubuula. Wowonda amangolendeweramo. Gelevazio anadzikankha kawiri, mapazi n'kuchoka pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anaona mutu wa mlamu wake kuchokera pamwamba. Misozi inalengeza m'maso mwake, ananamizira fumbi la mileme.

Nkhani ikanathera pamenepa, bwenzi mwambi kulibe. Koma pobwerera, pofuna njira yachidule, anadutsa pathanthwe lotsetsereka, lopanda mtengo ngakhale udzu, kutalika kwake ngati bwalo la mpira, lokutidwa ndi ndere zouma, ndipo kunsi kwake kuli phedi. Atangoliwoloka, anangoona phanga lina, loyang'ana kumadzulo, lotchingidwa bwino ngati linzake lija. M'kati mwake munalinso mng'alu wa bondo.

"Alamu, tiyeni tizipita, sitinaone kanthu," anatero Zebedayo.

Koma Gelevazio n'kuti atalowetsamo kale phewa. Mng'alu wa kum'mawa uja unali wautali, ndipo pamwamba pake pankaonekera kumsewu, moti wokwera minibasi aliyense akanatha kuloza kuti apo ndi pa Gelevazio. Wa kumadzulowu unali waufupi koma wopendekeka, wovuta, ndipo unkamugwira chifuwa ngati anachita kumuyeza ndi tepi. Anayang'ana uwu, anayang'ana kumene kunali uja, mtima n'kugawikana pomwepo.

Akanatseka pakamwa zikanamuyendera. Koma Lamulungu masana, kalabu itakumana pansi pa mtengo wa mango kusukulu, Gelevazio anaimirira asanapatsidwe mpata.

"Munkati kulibe! Ndapeza iwiri, osati umodzi. Lenadi, wamva? Iwiri! Ndipo yonse ndiikwera ndekha."

Lenadi, amene ming'alu yopapatiza inali itamuthera ndipo ankasakasaka wa makumi awiri, sanaseke ulendo uno. Anangofunsa mofatsa kuti ili mbali iti, ndipo Gelevazio, chifukwa cha matama, analoza ndi dzanja.

Mayi Dzimbiri anatsegula chikwama n'kutulutsa kansalu kofiira kokhala ndi chidindo cha kalabu pakati.

"Bambo Kamzimbi, lamulo mukulidziwa. Pamene mwamanga kansalu aka, palibe wina wokhudza mng'alu umenewo mpaka mutaukwera. Pamene palibe kansalu, ndi pa aliyense."

"Ndipatseni tiwiri."

"Munthu mmodzi, kansalu kamodzi."

"Koma ndaipeza ndine yonse iwiri, mayi! Mavu analuma ine!"

"Kupeza si kukwera, bambo. Ndipo musaganize zokang'amba pakati. Chidindo chikang'ambika, chimenecho ndi chigamba chabe."

Panjira Gelevazio ananyengerera mlamu wake kuti amusokere kena kofanana. Zebedayo anakana. Anati makina ake amasoka mayunifolomu a sukulu ya mayi Dzimbiri omwewo, ndipo mayi amene amagwira mwana wobera masamu ali kumbuyo kwa kalasi sangalephere kugwira telala.

"Sankhani umodzi, alamu. Mukwere, akulembeni, kenako mukamange kansaluko pa winawo."

"Pamene ndikukwera uwu, Lenadi akhala akuchita chiyani pa uja? Akupemphera?"

"Ndiye muusiye atenge. Inu mumafuna mzere umodzi."

Gelevazio anaima pakati pa njira. "Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikudya zotsala za anyamata amenewa. Lero ndapeza zangazanga, ndiye mukuti ndigawe? Sindisiya ngakhale umodzi. Akafuna mng'alu akalumidwe kaye ndi mavu."

Kunena zoona, mawu amenewa anali omveka, ndipo ine amene ndikukuuzanine sindimuda nawo. Choipa chinali nzeru imene anaitulukira. Anati kansalu ndi kamodzi, inde, koma kali ndi mwini wake wa miyendo iwiri. M'mawa azikamanga kum'mawa, masana azikamasula n'kukamanga kumadzulo, mawa lake azisinthanitsa, kuti Lenadi asadziwe kuti lero kali kuti. Hamala inayamba kuchita dzimbiri m'mphepete mwa msewu, mwini wake ali pathanthwe kupita ndi kubwera.

Mng'alu watsopano sungoukwera, umayamba waukonza. Gelevazio anakonza yonse iwiri. Anasesa zitosi za mileme, anazula mizu ya kachere, anafukiza mavu ndi utsi, analambula chitedze panjira. Poti zitsulo za kalabu zokoletsa chingwe zinali zazing'ono, zosagwira m'mng'alu waukulu chotero, anasema zipika za mtengo wolimba n'kuzikhomera m'ming'alumo, chilichonse ndi kachingwe kake kokolekapo. Inali ntchito yokongola, yoti ngakhale mdani ayamikire.

Kukwera kwenikweniko ndiye kunkakanika. Akalowa mng'alu wa kum'mawa, amafika pakati bwinobwino, kenako n'kuima.

"Alamu, mwamva? Kumadzulo kuli anthu."

"Ndi anyani amenewo. Kwerani."

"Anyani salankhula Chichewa. Nditsitseni!"

Amatsika, n'kumasula kansalu, n'kuthamanga pathanthwe, n'kukapeza anyani. Mawa lake ali pakati pa mng'alu wa kumadzulo, amamva zitsulo zikulira kum'mawa, akapita n'kukapeza mbuzi ya belu m'khosi. Masabata asanu ndi awiri anatha chonchi. Zebedayo anaimika ntchito yake ya pamsika, khosi linauma ndi kuyang'ana kumwamba, ndipo bondo lililonse limene mlamu wake ankaika analiloweza pamtima ngati katekisimu. Lenadi sanabwere ngakhale tsiku limodzi. Ankangofunsa amayi a nkhuni ngati aNkhokwe amaliza kusesa.

Linafika Loweruka lomaliza la Okotobala. Kunatentha kuyambira m'mawa, mphepo kulibe, ndipo pofika masana mitambo inayamba kuunjikana bii kuseri kwa phiri. Aliyense ankadziwa kuti chizimalupsa, mvula yoyamba ija, ili pafupi, ndipo ikayamba mvula njira ya kuseriko imatsekeka ndi thengo mpaka chaka chamawa. Gelevazio anatumiza uthenga kwa mayi Dzimbiri kuti abwere ndi buku ndi cholembera cha inki. Kansalu anakamanga pakhomo pa phanga la kumadzulo.

Tsiku limenelo anakwera bwino kuposa kale lonse. Bondo gwa, phewa gwa, kudzikankha. Anadutsa chipika choyamba, chachiwiri, chachitatu. Anadutsa pamene ankabwerera masiku onse. Khungu la pachigongono linatsala pamwala, iye osamva. Kumwamba kunayamba kuoneka kuwala, ndipo panatsala mikono itatu yokha kuti atulukire.

Pamenepo ndiye anamva kuseka. Sanali nyani, sinali mbuzi. Kuseka kumeneko ankakudziwa, kunali kwa Lenadi, kukuchokera ku phanga la kum'mawa, pamodzi ndi kulira kwa zitsulo.

"Alamu! Wafika uja!"

"Musiyeni!" anakuwa Zebedayo pansi. "Kwatsala pang'ono! Kankhani katatu basi!"

Gelevazio anayang'ana kuwala kuja. Akanatha kukufikira. Koma m'mutu mwake anaona minibasi ikudutsa pamsewu, anthu akuloza phiri, akuti apo ndi pa Lenadi. Anaona zipika zake, zosema yekha, Lenadi akukolekapo chingwe. Anawerengera kuti munthu asanavale lamba, asanamange nsapato, asanamalize nthabwala zake, papita kanthawi. Akathamanga, akamanga kansalu Lenadi asanachotse phazi pansi, ndipo lamulo limuteteza. Kuno kulibe vuto, kuli mlamu.

"Nditsitseni!"

"Alamu, ndakugwirani mwendo, malizani!"

"Ndati nditsitseni! Mwana ameneyu satenga changa ine ndili moyo!"

Anadzitulutsa m'mng'alumo n'kulendewera pachingwe, ndipo Zebedayo sakanachitira mwina, anamutsitsa. Gelevazio anamasula chingwe m'chiuno, anamasula kansalu pakhomo pa phanga, anakaluma ndi mano kuti manja akhale omasuka, n'kuliyatsa liwiro pathanthwe.

Atafika pakati, anacheuka. Panjira yokwera ku phanga la kumadzulo anaona mayi Dzimbiri akubwera ndi chikwama chawo. Mayi amenewa akapeza pakhomo palibe kansalu, adzanena poyera kuti mng'aluwo ndi wa aliyense, ndipo Lenadi sanabwere yekha. Gelevazio anatembenuka n'kubwerera mapazi khumi. Kum'mawa kunamveka mawu a Lenadi akuuza mnzake kuti agwire chingwe. Anatembenukanso, mapazi khumi ndi asanu. Anaimanso. Anabwerera asanu. Munthu womuona patali akanati akuyeza munda.

Dontho loyamba linamugwera pamphuno. Lachiwiri linagwa pamwala n'kuuma pomwepo. Kenako kumwamba kunang'ambika, mvula n'kukhuthuka ngati akuchita kutsanula m'ndowa.

Ndere zouma ndi bwenzi la wokwera miyala, phazi limagwira. Zikanyowa zimasanduka therere. Gelevazio anaponya phazi kulowera kum'mawa, linapita lokha. Anagwa chagada, anatsetsereka mikono ingapo kulowera kuphedi, mpaka zala zake zonenepa zija zinakola kadzenje ka pamwala. Anadzigudubuza n'kugona chafufumimba, manja ndi miyendo atatambasula. Anayesa kukwawira kumadzulo, anatsika chikhatho chimodzi. Anayesa kum'mawa, anatsika ziwiri. Anazindikira kuti akafuna kukhala ndi moyo, akhale pamene alipo.

Mvula inamumenya pamsana. Anabwera matalala, nawonso anamumenya. Madzi otsika pathanthwe ankalowera m'khosi mwa malaya n'kukatulukira m'miyendo ya buluku. Kansalu kanali kakadali kukamwa, kakusuluka, utoto ukuyenderera pachibwano psuu. Kudzanja lake lamanja kunali phanga louma, kudzanja lamanzere kunali phanga louma, onse awiri anawapeza yekha ndipo anawasesa yekha.

Koma musaganize kuti anagonja. Anadzutsa mutu n'kulavula madzi, kansalu atakakanikiza ndi chibwano.

"Lenadi! Tsika mmenemo! Kansalu kali panjira, kakubwera!"

Bingu ndi limene linamuyankha. Patapita nthawi yaitali ndithu, mvula itachepako pang'ono, anamva mfuu kum'mawa, ndipo atapotoza khosi anaona Lenadi ataimirira pamwamba, kunsi kwa mwala wotchinga uja, wouma, akukweza manja. Gelevazio anatukwana mawu amene sindingawabwereze pano. Kenako anadzilimbitsa mtima kuti chabwino, wautaliwo wapita, koma wovuta uja ulipo, ndipo kuli mlamu.

Pamenepo anamva kubuula kumadzulo. Kunali kubuula kwa munthu amene wapanikizika nthiti, ndipo pakati pa kubuulako panamveka mawu.

"Chingwe, mayi! Ndipatseniko chingwe pang'ono!"

Mawu amenewo anali a munthu amene ankadya naye m'mbale imodzi.

"Alamu!" anakuwa Gelevazio. "Alamu, musayerekeze! Ndikakuuzirani kwa mlongo wanu!"

Kubuula kunapitirira, pang'onopang'ono, chikhatho chimodzi pa nthawi. Gelevazio ankatha kuwerenga: apo wadutsa chipika chachiwiri, apo chachitatu, apo wafika pamene panatsala khungu lake. Kenako, kunsi kwa mwala wotchinga phanga la kumadzulo, kunatulukira dazi. Pa zonse za tsiku limenelo, ichi ndicho chinamulasa. Anagoneka chipumi pamwala wonyowa.

Mvula itakata, anamuponyera chingwe kuchokera kumadzulo n'kumukoka chokwawa, munthu amene zaka zonse ankakoka anzake. Analowa m'phanga madzi akuchucha, mano akugundana, thupi lonse lili njenjenje. M'katimo fumbi linali louma. Mayi Dzimbiri anali atakhala pamwala, buku lili pamwendo. Zebedayo anali pambali, mawondo ali chilonda, maso ali pansi. Posakhalitsa anafika Lenadi ndi mnzake, atazungulira kunsi kwa phiri.

Lenadi anali wosazindikirika. Buluku linali litang'ambika mawondo onse, tsaya litasupuka, akuyenda chotsimphina.

"Madala, mng'alu wanu uja ndi wachamuna," anatero, ndipo sankaseka. "Pakanapanda zipika zanu, bwenzi pano mukundinyamula. Ndautcha Zikomo aNkhokwe."

Gelevazio sanamuyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa mlamu wake.

"Inu?"

"Alamu, mundimvetse," anatero Zebedayo. "Mayi atafika anafunsa kuti kansalu kali kuti. Ndinati kapita kokayenda. Anati ndiye kuti Lenadi akamaliza uko abwera kuno, ndipo palibe womuletsa. Ndinati bola ukhale wa pabanja."

"Inu simunakwerepo ngakhale pachulu!"

"Masabata asanu ndi awiri ndakhala ndikukuonererani. Ndinangoika bondo pamene inu mumaika. Mikono itatu yomalizayo ndi yokhayo ndinafufuza ndekha, ndipo si yovuta ayi. Mukanangokankha katatu."

Mayi Dzimbiri anatsokomola n'kufunsa dzina la mng'aluwo. Zebedayo anakanda dazi, anati ali kumwamba kuja mayi ankamufunsa kawirikawiri kuti mwini wake ali kuti, ndipo yankho lake lomwelo likhale dzina: Alamu Abwera Pompano. Mayi analemba ndi inki. Kenako anayang'ana Gelevazio, ndipo ngakhale anali munthu wa malamulo, chisoni chinawagwira.

"Bambo Kamzimbi, buku lilibe malo a wopeza ndi wokonza. Koma ndikhoza kutsegula mzere wapadera kunsi kuno, ndikulembeni pa yonse iwiri. Ndi inki."

"Lembani, mayi," anatero Lenadi. "Akuyenera."

Gelevazio anayang'ana cholembera chija. Zaka zisanu ndi chimodzi ankachilota, ndipo chinali pamenepo, chotsegula, chikudikira. Anapukuta chibwano ndi dzanja.

"Musalembe."

"Bambo?"

"Ndati musalembe. Dzina langa sililowa m'bukumo ngati mlendo wosaitanidwa amene amupatsa mpando chifukwa cha manyazi. Lidzalowa tsiku limene ndidzatulukire pamwamba ndi mawondo angawa."

"Ndiye bwezani kansalu."

"Kansalu sindibweza. Phirili ndi lalikulu. Chaka chamawa ndikapeza wina, ndipo mavu akonzeke."

Anakamanga padzanja, kosuluka kale, n'kuyesa kuimirira kuti atuluke monyada. Miyendo inakana chifukwa cha kuzizira, anakhalanso pansi, madzi n'kupanga kadziwe pafumbi louma lija. Zebedayo anavula jekete lake n'kumufunditsa pamapewa. Gelevazio anafuna kulikana, koma kunjenjemera kunamupambana, analikokera pachifuwa.

"Chimene sindikumvetsa n'chimodzi," anatero, mano akulira. "Mapangawa ndinawapeza ndine. Nonsenu munabwera m'mbuyo mwanga. Nanga zatheka bwanji kuti phiri lonseli wonyowa ndikhale ine ndekha?"

Zebedayo anamumanga batani la pakhosi, mwaluso la telala, n'kumuyankha mofatsa.

"Tonsefe tinali ndi phanga limodzilimodzi, alamu. Mapanga awiri avumbwitsa."